Polishi pa Jekete la Ofesala

Bambo anga anakhala msilikali zaka makumi awiri ndi zisanu, koma tsiku lopuma ntchito anabwera kunyumba atangovala shati. Unali mwezi wa June, ku Zomba, ndipo amene anagonapo pansi pa phiri lija akudziwa chisanu chimene ndikunena. Jasi limene tinazolowera kuwaona nalo anali atalibweza kusitolo ya kampu, pamodzi ndi nsapato, lamba, chipewa ndi bulangete. Amayi anawafunsa ngati sakanatha kupempha jasi lokhalo. Iwo anangoti msilikali wamba alibe chake, chilichonse amachita kusainira, ndipo tsiku lochoka amawerenga.

Zaka zambiri mwa zimenezo anali batimani, ndiye kuti msilikali wosamalira zovala ndi nsapato za bwana mmodzi. Ndi kwa iwo kumene ndinamva koyamba kuti maofesala ndi anthu ena. Ofesala ankatha kupita kwa telala kapena kusitolo n'kugula chovala chakechake ndi ndalama za m'thumba mwake, n'kumachivala pamwamba pa yunifomu popanda womufunsa. Bwana wawo anali ndi jekete lachikopa limene anabwera nalo kuchokera kumaphunziro kunja, ndipo bambo ankalibweretsa kunyumba Loweruka lililonse. Ankayala nyuzipepala patebulo, n'kuyamba: bulashi youma kaye, kenako polishi ndi chala chokulunga m'kansalu, kenako timate pang'ono, n'kumazungulizazunguliza mpaka chikopa chija chitati waliwali. Ana enawo ankangoonerera. Ine, poti ndinali wamakani, anandilola kugwira mkono wa jekete iwo akupukuta. Sindinawaonepo ataliyesa m'thupi mwawo ngakhale kamodzi, ngakhale chitseko chili chotseka.

Ankakonda kunena kuti chovala cha bwana chikazilala anthu saseka bwanayo, amaseka batimani wake. Mawu amenewo ndinabwera nawo ku Dublin osadziwa kuti ndawanyamula.

Kuno ndinayamba ndakhala zaka zingapo mu hositelo, kudikira mapepala ondilola kukhala ndi kugwira ntchito, manja ali lende. Mapepala atatuluka ndinalowa ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, imene tonse timangoti keya. Ndimakhala ku Santry, mu fulati ya zipinda ziwiri, ndi mnzanga wa ku Zambia amene ndi nesi pachipatala chachikulu cha ku Beaumont. Ine ndine wa mtima wapachala, ndinene ndekha asananene ena. Koma ntchito ndimaidziwa, ndipo nthawi imeneyo ndinkadziguguda nayo pachifuwa.

Chaka changa chachitatu pantchito, ejensi imene inandilemba ntchito inanditumiza kwa bambo ena a zaka za m'ma 80, m'kamsewu kena kapafupi ndi chipatala chomwecho. Mkazi wawo anali atamwalira kale. Iwo anali ndi matenda oiwalaiwala, ndipo ankakhala okha m'nyumba yosanja imene anakhalamo theka la moyo wawo. Tsiku loyamba ndinapeza mwana wawo wamkazi akundidikira. Anali wamsinkhu wanga, mphunzitsi, wokhala ku Rathmines kutsidya la mtsinje, ndipo maso ake ankaoneka kuti munthuyu tulo samatipeza bwino. Anandikhazika kukhitchini n'kundiuza nkhani mosapita m'mbali. Bambo ake akamatuluka kukayenda m'mawa uliwonse, amadya bwino, amagona bwino, ndipo miyendo imakhala ndi mphamvu zokwerera masitepe. Akangosiya kuyenda, masitepe awakanika, ndipo adokotala anali atanena kale kuti zikatero palibenso zokambirana, ndi kunyumba yosungirako okalamba basi. Iwo kumeneko ankakuopa kuposa imfa. Adakali ndi nzeru zawo anamulumbiritsa mwanayo kuti asadzawachotse m'nyumba mwawo.

Kenako anandipatsa fayilo ya malangizo, n'kunditengera m'kolido. Anandilozera jekete limene linali pa kachitsulo ka pakhoma, n'kundiuza kuti popanda ilo bambo ake sadutsa pakhomo. Mu fayilo muja munalinso mzere wolembedwa ndi zilembo zazikulu, wonena kuti zinthu zawo zisamasunthidwe. Ndinauwerenga, ndinasaina.

Jeketelo abale! Kale liyenera kuti linali labulawuni, koma tsopano linali litatuwa ngati nthaka ya mu October. M'mapewa linali long'alukang'aluka, m'zigongono loyera, kolala wake wa ubweya wankhosa atathothoka mpaka kuoneka chikopa. Thumba lakumanzere linali lobooka. Linkanunkha fodya wa m'kaliwo ndi mafuta a galimoto, ngakhale mwini wake anasiya kusuta kalekale. Pa kaunjika kwathu akanaliponya pamulu wa zopukutira pansi. Chonsecho mu wodiropu munali makhoti abwinobwino anayi, ena osavalidwapo n'komwe. Ndinadziuza mumtima kuti azungu kusamala munthu wamkulu sadziwa.

Tsiku lililonse nthawi ikamakwana teni koloko, bambo aja ankaima m'kolido n'kutambasula manja kumbuyo, ine n'kuwaveka. Chala chawo chachikulu chinkapita chokha pamalo ena okhakhala, kumapeto kwa mkono wakumanzere, n'kusisitapo kawiri katatu. Kenako ankapisa dzanja m'thumba lobooka lija mpaka chala chitatulukira kunsi. Kenako ankaweramitsa mphuno pakolala. Zikatha zimenezo msana wawo unkawongoka, n'kunena kuti tiyeni. Munthu amene sankadziwa ngati wadya kale kapena ayi, ankanditsogolera njira yonse mpaka kupaki, osaphonya khona. Ndinayamba kuwaitana kuti bwana, ndi liwu lija asilikali amayankhira akuluakulu awo m'Chingerezi, ndipo ndinaona kuti ankalikonda.

M'njira ndiye munkabwera mbiri, yomweyomweyo, mawu ake osasintha. Ankayambira kutali. Ankati ndege zoyamba zankhondo zinalibe denga, oyendetsa ankauma ndi mphepo kumwambako, ndipo boma linalibe chowaveka. Anyamatawo anayamba kugula okha makhoti achikopa amene oyendetsa magalimoto ankavala nthawi imeneyo. Patapita nthawi maboma anayamba kusoketsa awoawo, ena aubweya wankhosa m'kati, ena aafupi olekeza m'chiuno kuti munthu azikhala bwino pampando. Koma maofesala sanasiye kugula zawo, ngakhale amene sanakwerepo ndege. Bwanawo nawonso anali ofesala, koma gulu lankhondo la dziko lino silinawapatsepo jekete lotero. Analigula okha ali kunja, pantchito yosungitsa mtendere m'dziko lina kumene masana kunkawotcha koma m'bandakucha kunkazizira koopsa, mwezi umene anawakweza kukhala kaputeni. Mkulu wawo atawaona nalo anayang'ana kamodzi, n'kuyang'ana kumbali. Pamenepa ankaseka nthawi zonse, ndipo ine ndinkaseka nawo.

Chizindikiro chilichonse pajeketepo chinali ndi nkhani yake. Mzere wokalika wa paphewa unali wa chitseko cha lole imene inagwera m'ngalande. Bowo la m'thumba linabooledwa ndi makiyi a nyumba yomweyi, ataigula kumene. Pamalo okhakhala paja anatafunapo galu wawo woyamba. Kunsi, chakumanja, kunali banga lakuda lalikulu ngati chikhatho. Limenelo sankalifotokoza. Ankangoikapo dzanja n'kunena kuti dalaivala wanga, kenako ankayenda chete mpaka pa benchi.

Nkhani zimenezi ndinazimva mwina kokwana mazana awiri, ndipo ndikanatha kuzinena ndili m'tulo. Ndiye musandifunse kuti zinatheka bwanji, chifukwa inenso ndimadzifunsa. Ndinkamva nkhanizo ndi makutu, koma maso anga ankaona zina. Ankaona amayi a pa siteji ya basi akutiyang'ana, mzungu wokalamba wovala chisanza ndi mayi wakuda akumugwira mkono. Ndinkaganiza kuti akuti taonani mmene akumusamalirira. Mwina anthuwo ankangoganiza za basi yawo, kaya. Ine manyazi ankandigwira tsiku lililonse.

Chinatsiriza zonse ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu, Mmalawi mnzanga, amene tinakumana naye kupaki tsiku lina. Lamulungu lotsatira, tikumwa tiyi mapemphero atatha, anandikodola pagulu n'kundifunsa ngati bambo amene ndimawasamalira aja ndimawaveka chiguduli mwadala kuti anthu aziwaponyera ndalama. Anthu anaseka. Kunali kucheza chabe, ndikudziwa, koma ine ndinapsa mtima. Ndinamuyankha zoti sindingazilembe pano. Pobwerera, m'basi monse, ndinkangomva mawu a bambo anga aja a batimani.

Mu February bwana anadwala chifuwa n'kugonekedwa m'chipatala masiku anayi. Mwana wawo anandipempha kuti ndizibwerabe, ndikonze m'nyumba ndi kusintha zofunda kuti adzapeze zonse zili bwino. Ndinati mwayi ndi umenewu. Ndinagula polishi wabulawuni woderapo, bulashi, singano yaikulu ndi ulusi wolimba. Za mzere wa mu fayilo uja ndinazikumbukira ndithu. Ndinadziuza kuti kupukuta si kusuntha, jekete libwerera pakachitsulo pake pomwepo.

Ndinayala nyuzipepala patebulo la kukhitchini. Dzuwa lija la February lopanda mphamvu linkalowa pawindo, ndipo ndinagwira ntchito masana awiri athunthu. Ndinayamba ndi bulashi youma. Ndinapukuta ndi kansalu konyowa mpaka madzi a m'beseni atada. Ndinasoka thumba ndi timisoko ting'onoting'ono toti simungationenso. Pamalo okhakhala ndinadula tinyenyeswa ndi sizasi n'kupakapo polishi katatu. M'kati ndinawazamo soda kuti fungo lichoke, n'kulipachika panja pachingwe. Banga lakuda lija ndinalimbana nalo kwambiri, ndipo polishi atalowerera linasowa, chikopa chonse chinakhala mtundu umodzi. Ndinachita ndi timate tomwe, monga ndinaphunzirira. Ndivomere, ndinasangalala. Zala zanga zinkakumbukira zonse, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni kuno ndinamva ngati bambo anga ali m'chipinda chomwecho. Ndinaimba nyimbo ndekhandekha m'nyumba ya eni.

Nditamaliza ndinalijambula n'kutumizira mnzanga nesi uja. Ndinkadikira kuti anditamande. Iye anandiimbira ali pa buleki, ndipo m'Chinyanja chake chosazungulira anangofunsa ngati mwana wawo akudziwa. Ndinamuuza kuti iye ndi nesi wa mu wodi, za m'nyumba za anthu asandiphunzitse. Anangoti chabwino, tionana kunyumba.

Bwana anatuluka m'chipatala Lachisanu. Loweruka ndi Lamulungu kunagwa mvula, ndipo anali ndi mwana wawo. Ine jekete ndinali nditalibisa mu wodiropu kuti lidzakhale chodabwitsa. Lolemba m'mawa ndinalipachika pamalo pake, mtima uli dyokodyoko ngati mwana amene wakhoza mayeso.

Teni koloko itakwana anabwera m'kolido. Anayang'ana pakachitsulo paja, n'kupitirira. Anasuzumira kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, anatsegula kabati ya pansi pa masitepe, anabwereranso. Anandifunsa mwaulemu ngati ndaona jekete lawo. Ndinalitsitsa n'kulitambasula pamaso pawo, ndikumwetulira mano onse panja. Sanatembenuke kuti ndiwaveke. Anagwira mkono wakumanzere, chala chawo n'kufufuza, osapeza kanthu. Anapisa dzanja m'thumba, dzanja linaima. Ananunkhiza kolala. Kenako anandibwezera ndi manja awiri.

"Ili si langa," anatero. "Ndi labwino ndithu, koma mwini wake ndi mnyamata. Sanapite kulikonse."

Ndinaseka, ndimayesa zitha. Ndinawauza kuti ndi lawo lomwe lija, ndangolikonza. Anapukusa mutu. Anati winawake waliiwala pano, ndipo tiyenera kumubwezera msanga chifukwa majekete otere munthu amagula ndi ndalama zake, boma silipereka. Ndinathamangira mu wodiropu n'kubweretsa khoti lina. Anakana. Ndinabweretsa lachiwiri, anakananso. Anati adikira lawo, n'kukakhala pampando wa pabalaza, manja pa mawondo.

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene chimandipweteka kuposa polishiyo. Ndinakweza mawu. Ndinaima pakati pa balaza ndi jekete m'manja n'kuwauza kuti asandivutitse, ndataya masiku awiri pa chinthu chimenechi, avale tizipita. Sindinawakalipirepo chiyambire. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, mmene ofesala amayang'anira msilikali amene waledzera pa peredi. Ndinapita kukhitchini n'kukhala pansi, pansi penipeni pa matailosi. Mantha ndi amene anandikalipitsa, chifukwa ndinali nditazindikira kale chimene ndachita.

Ndinamuimbira mwana wawo nthawi yomweyo. Anapempha wina kuti amugwirire kalasi, n'kudutsa tauni yonse pa basi ziwiri. Atalowa anaona jekete lili pa mpando wa kukhitchini, anaima. Analinyamula n'kuika nkhope yake pakolala, monga ankachitira bambo ake, ndipo mapewa ake anayamba kugwedezeka. Pambuyo pake anandiuza kuti ali mwana, bambo ake akakhala kunja miyezi yambiri, chinthu choyamba chimene ankamva akabwera chinali fungo limenelo, asanaone n'komwe nkhope. Ine za iye sindinaganizeko ngakhale pang'ono.

Ndinkafuna anditukwane. Akanandinena kuti ndine mbuli, akanandiuza kuti ndinyamuke ndisadzapondenso pakhomo pawo, ndikanadziwa chochita, chifukwa mkangano ndimautha. Iye anangopukuta maso n'kundifunsa chifukwa chake. Ndinamufotokozera za bambo anga, za nyuzipepala patebulo, za mayi wa kutchalitchi uja. Ndinamuuza kuti kwathu munthu wamkulu sayenda ndi chovala chong'ambika anthu omusamala alipo, kumakhala kumuvula ulemu. Anamvetsera zonse mpaka kumapeto.

"Mwalipukuta bwino kwambiri," anatero. Sankandinyoza ayi, ankanenadi zoona, ndipo zimenezo ndi zimene zinandimaliza.

Ku ejensi ndinakadzinenera ndekha. Analemba, anandichenjeza, n'kufunsa mwanayo ngati akufuna munthu wina. Iye anakana, anati bambo ake andizolowera, kusintha kwina kungowasokoneza. Choncho ndinapitiriza kupita, ndipo awirife tinayamba ntchito yachilendo, yofuna kubwezera jekete ukalamba wake.

Misoko ya thumba ndinaimasula tsiku lomwelo. Loweruka ndinalitengera kwa bambo wina wokonza zinthu zachikopa m'tauni. Analitembenuzatembenuza pansi pa getsi, n'kundifunsa kuti ndani wapaka polishi wa nsapato pa chinthu ngati ichi. Ndinati ndine. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake, ndipo ndinaugwira mtima, chifukwa ndinalibe poyambira. Anandiuza kuti anthu amene amasunga majekete akale ankhondo amafunafuna kutuwa komweko ndi ming'alu yomweyo, ndipo ena amayesa kuzipanga dala koma wodziwa amazindikira. Polishi anali atalowa m'ming'alu monse. Anachotsako wapamwamba ndi mankhwala, koma chimene chinatsala chinali chamawangamawanga, chosafanana ndi chakale, chosafanananso ndi chatsopano.

Mwana wawo anagula fodya wa m'kaliwo n'kumuika m'matumba sabata yathunthu, jekete litakulungidwa m'pulasitiki. Ine ndinagula sandipepa. Ndinakhala patebulo lomwe lija, pa nyuzipepala, kukhula mkono wakumanzere umene ndinausalaza ndekha. Ndinayesa kukumbukira kukula kwa pamalo okhakhala paja, ngati panali chakutsogolo kapena chakumbuyo kwa msoko. Chaka ndi theka ndinkaona chala chawo chikupita pamenepo tsiku ndi tsiku, koma sindinathe kunena motsimikiza. Banga lakuda lija sitinalikhudze n'komwe. Mwanayo anati sakudziwa kuti linali la chiyani kwenikweni, ndipo sakufuna kuti tilipange ndi inki.

Titawapatsanso, analiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Mtima wanga unali m'mwamba. Anasisita pamene ndinakhulapo, n'kukwinya nkhope. Anati pali wina amene akuwononga jekete la mnyamata uja, ndipo akamudziwa amuona. Anandilamula kuti ndilisunge pabwino.

Masiku anayamba kudutsa osatuluka. Teni koloko ikakwana ankabwerabe m'kolido, kufufuza, kufunsa, kenako kukakhala pampando. Ndinayesa njira zonse zimene ndikuzidziwa. Ndinawauza kuti kunja kwatentha, tingopita ndi juzi, anakana. Ndinawayendetsa m'nyumba momwemo, kuchoka kukhitchini kufika pabalaza maulendo khumi, ndikuwerenga ngati pa peredi, koma ankatopa nazo n'kundifunsa kuti tikupita kuti. Mbiri ya ndege zopanda denga sindinaimvenso. Ndinayesa kuiyamba ine, iwo ankangomvetsera mwaulemu ngati ndikunena za anthu achilendo. Chakudya anayamba kusiya theka. Sabata yachinayi ndinaona kuti pokwera masitepe akugwira chitsulo ndi manja onse awiri. Sabata yachisanu anaterereka pa sitepe yachitatu kuchokera pansi, ine ndili kumbuyo kwawo. Sanathyoke paliponse, anangosupuka pachigongono, koma lamulo ndi loti zotere timalemba, ndipo ndinalemba ndi dzanja langa.

Mnzanga nesi sanandiuzepo kuti ndinakuuza. Tsiku lina tikuphika anandifotokozera kuti anthu odwala matendawa akagona m'chipatala, ngakhale masiku ochepa, nthawi zambiri amatuluka atatsika, ndipo sabwereranso pamene anali. Anati mwina jeketelo akanalikana ngakhale ndikanapanda kulikhudza. Mwana wawo ananenanso zomwezo, adokotala nawonso. Mwina ndi zoona. Koma ine ndinaona chala chija chikufufuza pa mkono, ndipo chinkadziwa chimene chikufuna. Anthu akamandipepesa ndi mawu amenewo ndimawathokoza, koma sindiwakhulupirira, ndipo sindikufunanso kuwakhulupirira. Ndinalakwa chifukwa ndinkasamala za maso a anthu ndi ulemu wanga, ndikuyesa kuti ndikusamala za iwo.

Malo anapezeka kumayambiriro kwa April, kunyumba ina ya okalamba kunja kwa mzinda. Mwanayo anandipempha kuti ndidzakhalepo m'mawa wa tsikulo, chifukwa yekha sakanatha. Tinalongedza masutikesi awiri, zithunzi zochepa ndi wailesi yawo. Tinawauza kuti akupita kukapuma masiku angapo. Ndinawameta ndevu, ndinawapesa, ndinawaveka juzi ziwiri. Anali odekha kuposa ife, ndipo anadya phala lonse.

Galimoto inali itaima pakhomo penipeni. Tikudutsa m'kolido, iwo atakolowekeza mkono wawo m'mkono wanga, anaima. Jekete lija linali pakachitsulo, chifukwa tinali tisanataye mtima, tinkalipachikabe m'mawa uliwonse. Anandifunsa, mokhumudwa pang'ono, kuti kodi mpaka lero silinabwezedwe. Analitsitsa okha. Analipinda bwinobwino, mikono m'kati, kolala pamwamba, n'kuliika m'manja mwanga. Ndinayang'ana mwana wawo, iye anagwedeza mutu kuti ndilandire.

"Mukam'patse mwini wake lero," anatero. "Ndipo langa likapezeka mundibweretsere msanga, tibwerere kuno. Takhalitsa osayenda."

"Inde bwana," ndinayankha.

Anandigwira paphewa, kukhutira kuti lamulo lamveka, n'kutuluka. Sanacheuke kuyang'ana nyumba, chifukwa ankadziwa kuti abwerera. Mwana wawo ndi amene anacheuka, kenako anawamangirira lamba n'kutseka chitseko cha galimoto. Ndinaima pakhomo ndi jekete m'manja mpaka atakhota pa khona. Ndinakiya nyumba, n'kuponya kiyi pa kabowo ka makalata monga mwanayo anandiuzira, ndipo ndinaimva ikugwera m'kolido.